Mlendo pa Cipata ca Intaneti ya pa Yunivesite

Nkhani yathu ya lero ndi ya dandaulo limene limveka kawiri-kawiri pakati pa anthu ofika pa Yunivesite ya Zambia, ija iri m'mbali mwa mseu wa Great East, pafupi ndi Kalingalinga. Munthu akalowa pa malo aja natulutsa foni yake, aona maina a Wi-Fi atandandalika, koma pambali pa dzina pali kacithunzi ka loko. Akayesa kulowa, foni imfunsa dzina ndi mau acinsinsi, amene anyamata a masiku ano awacha pasiwedi. Iye alibe. Tsono atembenukira wophunzira amene ali naye pafupi nati, "Mwana wanga, tandibwerekako yako." Wophunzira uja akakana, mlendo apita kwao ali wokwiya, nakanena kuti anthu ophunzira ndi oumira, angathe kumana munthu ndi mphepo yomwe.

Kodi kumeneku ndi kuumira? Ine nditi iai, ngakhale kuti pa mbali ina dandaulo lija liri ndi mutu, ndipo tidzafikako. Koma poyamba tiyenera kudziwa cimene ciri kuseri kwa loko uja.

Wi-Fi nayonso ndi wailesi, koma ya mtundu wina. Akulu-akulu ena akumbukira wailesi ija yochedwa Saucepan Special, yobulungira ngati poto, imene inayamba kugulitsidwa m'dziko lino mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Imene ija inali yongomvera cabe. Nyumba youlutsira mau inali kulankhula mu Lusaka, ndipo ngakhale omvera akanaculuka ngati mcenga, panalibe wocepetsa gawo la mnzake. Wi-Fi siitero, cifukwa foni yanu imamva ndiponso imayankha. Pa zipupa ndi pa madenga a nyumba za yunivesite apacikapo timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kamalankhulana ndi mafoni ndi makompyuta amene ali pafupi nako, mosinthana-sinthana, mwamsanga koposa kuphethira kwa diso. Olankhula akaculuka, aliyense ayembekezera nthawi yaitali kuti mpata wake ufike. Kumbuyo kwa kabokosi kuli nthambo, nthamboyo ikakumana ndi zinzake m'cipinda ca makina, ndipo m'menemo muturuka nthambo yaikulu ya timaulusi ta galasi yopita kunja. Dziko lathu liribe gombe la nyanja yamcere, cotero nthambo zathu zidutsa m'maiko a anzathu kuti zikalumikizane ndi zija zogona pansi pa nyanja. Ulendo wonsewo ulipiridwa.

Inu a ku George ndi a ku Kanyama mudziwa bwino za pompi ya anthu onse. Madzi a mvula ndi aulere, koma a pa pompi adzera m'paipi imene iri ndi kukula kwake, ndipo pali wina amene alipira magetsi oyendetsa injini. Pompi ikakhala yopanda woyang'anira, wobwera ndi madiramu khumi atunga tsiku lonse, ndipo mai wa cidebe cimodzi abwerera cimanja-manja. Intaneti ya pa yunivesite iri cimodzi-modzi. Anthu zikwi zingapo akayamba kuonera mpira ndi mafilimu pa nthawi imodzi, mnyamata wophunzira za migodi, amene ali ndi mayeso mawa, adzakhala ali kupenya galasi loyera, buku lake losatseguka.

Pano ndipatukeko pang'ono, pakuti ambiri sadziwa kuti intaneti ya dziko lino inabadwira pa malo omwewa. Mu 1991 anchito a m'cipinda ca makompyuta ca yunivesite anayamba kutumiza ndi kulandira makalata a pa kompyuta kudzera pa lamya wamba. Makina anali kuimbirana pa maola oikika, napatsirana makalata amene anaunjikana, monga galimoto ya positi imene ifika pa nthawi yake nisiya thumba. Mu 1994 yunivesite inayambitsa kampani ya ZAMNET, ndipo mu November caka comweco Zambia inalumikizidwa kwathunthu, nikhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kutero. Njira ya masiku amenewo inali yopapatiza ndi yodula kwambiri. Pambuyo pake mayunivesite a Boma anaona kuti kugula aliyense payekha ndi kutaya ndalama, ndipo anapanga bungwe la ZAMREN, limene linalembetsedwa mu 2007 niliyamba nchito mu 2012. Bungweli ligula njira yaikulu pamodzi, niligawira masukulu ndi malo ofufuzira nzeru amene ali mamembala ake. Lilumikizananso ndi mabungwe anzake a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kudzera mu UbuntuNet Alliance, imene ofesi yake iri ku Lilongwe. Njira zotere zinatsegulidwira maphunziro ndi kafukufuku, ndipo mabungwe osunga njirazi ali ndi malamulo onena amene ayenera kuyendamo. Sukulu siingangosandutsa njira imeneyi msika wa aliyense wodutsa pa mseu.

Komatu kucepa kwa madzi m'paipi sindico cifukwa cacikulu. Cacikulu ndi mlandu. Ciriconse coturuka pa Wi-Fi ya yunivesite cipita kunja citanyamula keyala ya yunivesite, monga kalata yodindidwa cidindo ca ofesi. Munthu akakhala pansi pa mtengo natumiza mauthenga onamiza anthu kuti amtumizire ndalama, kapena akayesa kuthyola makina a banki, odandaula sadzaona nkhope yake. Adzaona keyala ija, ndipo apolisi adzagogoda pa citseko ca eni keyala. Pamenepo woyang'anira makina afunsidwa kuti, "Ndani anacita ici pa tsiku lakuti, pa ola lakuti?" Ngati cipata cinali cosatseka, iye alibe yankho. Ndiponso makampani akunja amene asunga makalata a anthu, akaona kuti zoipa zituruka pa keyala imodzi kawiri-kawiri, aitsekera khomo, ndipo makalata a aphunzitsi osalakwa ayamba kubwezedwa kulikonse kumene apita. Wolakwa ndi mmodzi, wodutsa cabe, ndipo wapita kale. Otsala ndi cilango ndi anthu zikwi-zikwi.

Palinso zipinda za mkati. Pa nthambo zomwezo payenda zotsatira za mayeso, malipiro a anchito, maina a ophunzira ndi mbiri zao. Payendanso mabuku ndi magazini a akatswiri amene laibulale iwalipirira caka ndi caka, pa pangano lonena amene aloledwa kuwerenga. Osindikiza ambiri azindikira owerenga ao poona keyala imene acokera. Tsono munthu mmodzi akakolola mabuku mazana-mazana usiku umodzi, osindikiza angathe kutsekera sukulu yonse kufikira mlandu utakambidwa. Ndipo kompyuta ya mlendo, ngakhale mwini wake ali munthu wabwino, ingathe kubwera ndi kacirombo kamene iye sakadziwa, kofunafuna makina ena okapatsira matenda.

Cotero yunivesite ifuna kudziwa mlendo wake. Ndidziwa kuti mau awa sakoma m'makutu a akulu amene anakhalako masiku a atsamunda. Iwo akumbukira citupa. Akumbukira kuti m'komboni ya mgodi ndi m'malokesheni a tauni mbale wako wocokera kumudzi sanali kugona m'nyumba mwako popanda cilolezo ca ku ofesi ya komboni, ndi kuti apolisi anali kugogoda mbandakuca kufunafuna alendo osalembedwa. Si pacabe kuti anthu anatentha zitupa mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri. Citupa cija cinali ca msonkho ndi ca cibalo, cokumbutsa munthu wakuda kuti tauni si kwao. Mwambo umene ndinena ine ndi wakale kuposa citupa, ndipo ndi wa makolo athu. Mlendo akafika pa mudzi sangolowa m'nyumba iriyonse. Amuonetsa kwa mfumu kapena kwa nyakwawa, nanena kumene acokera, kumene apita, ndi munthu amene wadzera. Akatero apatsidwa madzi, nsima ndi mphasa. Mbuzi ikasowa usiku umenewo, woyamba kufunsidwa ndi mwini mlendo. Mayunivesite a m'maiko ambiri, pofunafuna njira yolandirira alendo pa makina ao, anafika pa nzeru yomweyi, yakuti mlendo aliyense akhale ndi womuimira.

Mlendo wosabvuta koposa onse ndiye wocokera ku yunivesite ina. Pakati pa maina aja a pa foni mudzaona lina lolembedwa ndi zilembo zazing'ono zokha-zokha, eduroam. Nzeru yake inacokera ku Netherlands mu 2002, kwa Klaas Wierenga wa bungwe la SURFnet, ndipo lero ifika m'maiko oposa 100. Muno m'Zambia woiyang'anira ndi ZAMREN. Kayendedwe kake nkokondweretsa, ndipo ndifuna kuti mukamvetse bwino. Tinene kuti mphunzitsi wa pa Copperbelt University ku Kitwe wabwera ku msonkhano mu Lusaka. Dzina lake lolowera liri ndi mbali ziwiri: kutsogolo dzina la iye mwini, ndipo kumbuyo kwa kacizindikiro kaja ka @ dzina la sukulu yake, monga munthu achula dzina lake nachulanso mudzi wa kwao. Foni yake ikapempha kulowa, makina a mu Lusaka aona kuti munthuyu si wao. Sam'bweza iai. Atumiza pempho lake kwa makina a ZAMREN, ndipo iwo alipereka ku sukulu yake ya ku Kitwe. Akanakhala wa ku Cape Town kapena wa ku London, pempho likanaoloka malire kukafika ku bungwe la dziko la kwao, nilitsikira ku sukulu yake. Kwaoko ndiko ayesa mau ake acinsinsi, nabweza yankho lalifupi: inde, ndi wathu, kapena iai, sitimdziwa. Zonsezi zitha munthu asanabweze foni m'thumba.

Cokoma cake ncakuti mau acinsinsi ayenda otsekeredwa, monga kalata ya m'envulopu yomata imene itsegulidwa kwao kokha; wolandira mlendo sawaona. Ndipo mlendo akalakwa, pali mfumu ya kwao yokamfunsa. Wa pa ofesi salemba kanthu, mlendo saima pa mzere. Koma pali msampha umodzi umene ukola ambiri. Foni kapena kompyuta iyenera kukonzedwa munthu akali kwao. Wofika mu Lusaka ndi foni yosakonzedwa, kapena ataiwala mau ake, a pano sangathe kumthandiza kweni-kweni, pakuti kiyi wake sali m'manja mwao. Ayenera kuimba lamya kwao. Kukonza kumeneko kuli ndi nchito inanso: kuphunzitsa foni kuzindikira cidindo ca makina a kwao. Foni yosadziwa cidindo cimeneco ingathe kunyengedwa ndi wakuba amene waimika kabokosi kake nakacha eduroam, kuti akolole mau acinsinsi a anthu odutsa.

Alendo ambiri sali a mtundu umenewu. Pali injiniya wa ku Chingola kapena wa ku Mufulira amene waitanidwa kudzalankhula kwa ophunzira za migodi. Pali mbusa wobwera ku msonkhano, mmisiri wa kampani yokonza makina, kholo lobwera kudzaona mwana wake alikulandira digiri. Onsewa alibe sukulu yowaimira. Pa Yunivesite ya Zambia nthambi yoyang'anira makina ichedwa Centre for Information and Communication Technologies, ndipo sukulu iriyonse yaikulu iri ndi nthambi yotere. Malamulo asiyana sukulu ndi sukulu, ndipo asintha nthawi ndi nthawi, koma mafunso amene mlendo akumana nao ndi amodzi-modzi pafupi-fupi kulikonse. Ndinu yani? Wakuitanani ndani? Mukhala masiku angati? Mufuna kucita ciani?

Funso laciwiri ndilo msana wa nkhani. Pa masukulu ambiri mlendo sadzipemphera yekha. Wopempha ndi wanchito wa pa sukulupo amene wamuitana. Iye alemba dzina lake pambali pa dzina la mlendo, nabvomera kuti akafunsidwa adzayankha. Pamenepo mlendo apatsidwa dzina lolowera ndi mau acinsinsi a iye yekha, okhala ndi tsiku lake lofera. Paja akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, ndipo kiyi wa mlendo ayenera kukhala wotero. Ine ndiyesa kuti pamenepa ndi pamene maofesi ambiri apunthwa. Kupereka kiyi nkosabvuta, pakuti mlendo waima pamaso pako ali kumwetulira; kukumbukira kumlanda kiyiyo iye atapita ndiko kubvuta. Dzina la munthu amene anakhala sabata imodzi zaka zitatu zapitazo likatsala lamoyo, liri ngati zenera la kuseri limene aliyense anaiwala kuti lilipo, ndipo akuba akonda mazenera otere. Ncifukwa cake ofesi yanzeru siidalira cikumbumtima ca munthu. Iuza makina pa tsiku loyamba kuti kiyi uyu afe Lacisanu madzulo, ndipo makina saiwala.

Mlendo akalowa, aikidwa m'njira yake-yake, yopatukana ndi ya eni nyumba. Aona mseu woturukira kunja, awerenga makalata ake, alankhula ndi a kwao, koma nkhokwe za mkati saziona, ndipo kawiri-kawiri liwiro lake likhala ndi malire. Pa misonkhano yaikulu okonza msonkhano atumiza maina pasadakhale, ndipo mlendo aliyense alandira kapepala ka nambala yake pamodzi ndi mapepala ena. Ena, pofuna kufupikitsa nchito, alemba mau amodzi pa bolodi kuti onse agwiritse. Kwa tsiku limodzi nkotheka, koma mau olembedwa pa bolodi m'mawa afika ku Kalingalinga masana, ndipo pofika madzulo ali ku Mtendere. Mmisiri amene nchito yake ifuna kuti alowe m'zipinda za mkati, nkhani yake ndi ina. Ameneyo afunika kalata ya mkulu wa nthambi, ndipo atseguliridwa citseko cimodzi cokha ca nchito yake.

Taganizani za mnyamata kapena mtsikana wokhala pa tebulo la ofesi yotere. Afika bwana wa mimba yake, wobvala suti, nati, "Kodi iwe sundidziwa? Nditsegulire msanga, ndiri ndi nchito." Mwanayo akaopa suti, aswa lamulo limene anapatsidwa kusunga; akangoti "sizitheka" natembenuka, acititsa manyazi sukulu yonse. Wanchito wabwino sacita ziwiri zonsezi. Ati, "Pepani atate, takhalani pansi. Mundiuze amene wakuitanani, ndimuimbire tsopano lino." Nthawi zambiri nkhani ithera pomwepo. Ndipo inu amene mudzapita kumeneko, muthandizeni mwanayo. Uzani wokuitanani kukali sabata yathunthu kuti mudzafuna intaneti, ndi masiku amene mudzakhala. Tengani citupa canu ca NRC kapena pasipoti, ndi foni imene nambala yake igwira nchito. Musayembekezere kuti pempho lopereka Loweruka madzulo lidzayankhidwa usiku womwewo.

Tsopano tibwerere kwa wophunzira uja anakana kubwereketsa. Inu a ku migodi mumvetsa msanga kuposa ena. Palibe munthu wanzeru atsika m'cikepe ndi nambala ya mnzake kapena ndi nyale yolembedwa dzina la mnzake, pakuti mwala ukagwa pansi, ofunafuna ayang'ana nambala. Adzalira munthu amene ali kunyumba ali kudya nsima, nasiya amene ali m'dothi. Pasiwedi ndi nambala yotero. Ciriconse cocitika m'dzina limenelo cilembedwa pa mutu wa mwini wake, ndipo kunena kuti "ndinangobwereketsa" sikumpulumutsa, pakuti kubwereketsako ndiko kulakwa koyamba pa malamulo a masukulu ambiri. Ndiponso pa masukulu ambiri mau omwewo atsegula makalata a wophunzira, zotsatira za mayeso ake, ndi malo olembetsera maphunziro. Amene apempha Wi-Fi cabe alandira makiyi a nyumba yonse. Mlendoyo naye sali pabwino. Lamulo la 2021 la milandu ya pa makompyuta linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu 2025, koma kulowa m'makina a eni popanda cilolezo kukali mlandu. Ndipo mnyamata wa pa kona amene agulitsa pasiwedi pa makwaca ocepa agulitsa katundu amene si wake. Mawa eni akasintha loko, ndalama zanu sadzabweza.

Ndinalonjeza kuti dandaulo la mlendo liri ndi mutu. Nali tsono. Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, anthu ake okhala ndi digiri anali pafupi-fupi 100 cabe. Bungwe la Sir John Lockwood linali litalangiza kale mu 1963 kuti pamangidwe yunivesite, ndipo pempho litamveka, anthu a m'matauni ndi a m'midzi anasonkha, wina ndalama, wina nkhuku, wina mbuzi. Ophunzira oyamba, okwana 312, analowa mu 1966, ndipo mu July caka comweco Dr. Kenneth Kaunda anaika mwala wa maziko pa malo a ku Great East. Sukulu yomangidwa motero iri ndi ngongole kwa anthu wamba. Tsono bwanji za mtsikana wa ku Chawama kapena wa ku Matero amene watsiriza Giredi 12, afuna kulemba kalata yopempha malo a maphunziro kapena nchito, ndipo ndalama ya mabandulo alibe? Iye sadziwa mphunzitsi aliyense woti amuimire. Mwambo wa mwini mlendo ukomera amene ali kale ndi abwenzi mkati, ndipo wosauka ndiye asowa abwenzi otero. Ici ndi cilema ceni-ceni ca njira imene ndafotokozayi, ndipo sitiyenera kucibisa.

Mankhwala ake si kucotsa loko, koma kupanga khomo lina laling'ono. Masukulu ena kunja acita cotere: mlendo alemba nambala ya foni yake pa tsamba loyamba, alandira uthenga wa manambala ocepa, nalowa kwa ola limodzi kapena awiri, pa liwiro loyesedwa. Muno m'Zambia njira imeneyi iri ndi pogwira, pakuti kuyambira pa kalembera wa ZICTA wa 2013 ndi 2014, nambala iriyonse ya foni iyenera kulembedwa m'dzina la mwini wake. Cotero nambalayo ingathe kukhala womuimira wa munthu wopanda womuimira. Khomo lotere lingaikidwe pa malo amodzi odziwika, pa nthambo yake-yake yogula padera, kuti lisadye gawo la ophunzira kapena kuswa pangano la mabuku. Lidzadya ndalama, inde, ndipo amene asunga thumba la sukulu adzati thumbalo ndi lobooka kale. Koma ine ndiyesa kuti mtengo wake ngwocepa poyerekeza ndi mapasiwedi amene ayenda m'manja mwa anthu mobisa cifukwa khomo loyenera palibe. A ku Uganda anayesa nzeru ina mu 2020, masukulu atatsekedwa cifukwa ca mliri wa korona: bungwe lao la RENU linaturutsa eduroam kunja kwa mipanda ya masukulu, niliika m'malo osiyana-siyana a mu Kampala, kuti ophunzira aipeze pafupi ndi kumene akhala. Imeneyo inali ya ophunzira ndi anchito a masukulu okha, koma taganizani za ophunzira athu ambiri amene, posowa malo ogona pa sukulu, acita lendi tizipinda mu Kalingalinga.

Cotsala ndi ca inu mlendo amene mwalandira kiyi. Dziwani kuti makina alemba dzina lanu lolowera, nambala ya cida canu, ola limene munalowa ndi limene munaturuka, ndipo nthawi zina maina a malo amene munacezako. Mkati mwa uthenga wotsekeredwa, monga wa WhatsApp kapena wa tsamba la banki lokhala ndi kaloko pamwamba, iwo saonamo. Lamulo loteteza mbiri za anthu, limene Nyumba ya Malamulo inapanga mu 2021, liti wosonkhanitsa mbiri yanu aitenge pa cifukwa codziwika, aisunge bwino, ndipo inu muli ndi ufulu wofunsa zimene asunga za inu. Tsono akakupemphani citupa, muli ndi mphamvu yofunsa mwaulemu kuti acifunira ciani. Tsamba likakufunsani nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni kapena ya ku banki kuti likupatseni Wi-Fi, turukanipo msanga, pakuti palibe yunivesite ifunsa zimenezo. Mukakaika dzina la Wi-Fi, funsani wa pa ofesi kuti akuonetseni leni-leni, cilembo ndi cilembo. Ndipo pa tsiku lobwerera kwanu, uzani foni yanu kuti iiwale dzina limenelo, kuti isadzalumphire kabokosi kacilendo kobvala dzina lomwelo pa siteshoni ya basi.